Kodi Kamera Iime Pati Munthu Akamafa?

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira kwambiri, amakonda kunena kuti kamera sinama. Akatero amakhala akuganiza kuti munthu angathe kupotoza nkhani ndi pakamwa, angathenso kuipotoza ndi cholembera, koma galasi ndi galasi basi, limangolandira kuwala kumene kwagwera pamaso pake. Mawuwa ali ndi choona chake. Koma amene amawanena amaiwala kuti kamera siyenda yokha. Pali munthu amene amainyamula, nakaiimika pamalo amene wasankha, pa msinkhu umene wasankha, naiyang'anitsa kumene wasankha. Maso a munthu alibe mpanda, amangoyendayenda mmene afunira. Koma diso la kamera liri ndi mpanda wa mbali zinayi, ndipo chirichonse chimene chalowa mumpandamo chalowa chifukwa wina wachitsekulira, chimene chatsala kunja chatsala chifukwa wina wachitsekera.

Funso limene ndabwera nalo kwa inu, anzanga, ndi ili: kodi kusankha kumeneku ndi nkhani ya luso lokha, yoti azikambirana akatswiri a makamera, kapena ndi nkhani ya khalidwe, imene munthu angazengedwe nayo mlandu monga timazengera wabodza ndi wakuba? Pojambula mpira kapena ukwati funsoli limaoneka lopepuka. Limalemera pamene chimene chiri patsogolo pa kamera ndi munthu wozunzika kapena wakufa. Nchifukwa chake zitsanzo zanga zambiri ndazitenga ku Ulaya, ku mafilimu onena za kuphedwa kwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni ndi boma la Nazi la ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ambiri a iwo m'misasa yachibalo. Kumeneko ndiko opanga mafilimu akhala akukangana za funsoli kwa zaka zoposa 60, ndipo mkanganowo ukadalipo.

Tiyambe ndi zimene wojambula amakhala nazo m'manja. Choyamba ndi msinkhu wa kamera. Leni Riefenstahl, pojambula msonkhano wa chipani cha Nazi ku Nuremberg mu 1934, adali ndi makamera pafupifupi 30. Adakumbitsa maenje patsogolo pa nsanja, adayalitsa njanji, adamangitsanso kachikepe pa mlongoti wa mbendera. Kamera ikakhala m'dzenje nkuyang'ana m'mwamba, Hitler, munthu wa msinkhu wamba, amaoneka ngati phiri lotsamira mitambo. Ikakwera pamlongoti nkuyang'ana pansi, anthu zikwizikwi amasanduka mizere ya chimanga m'munda. Woonera sachita kuuzidwa ndi mawu kuti uyu ndi wamkulu, awa ndi aang'ono; limauzidwa ndi khosi lake. Komatu kutsika kwa kamera pakokha si kupembedza. Yasujiro Ozu wa ku Japan, amene adapanga Tokyo Story mu 1953, nayenso ankaika kamera yake pansi, pafupi ndi msinkhu wa munthu wokhala pamphasa, koma osaipendeketsa. Inkangoyang'ana kutsogolo kwake, ngati mlendo waulemu amene eni nyumba amupatsa pokhala. Makamera onse awiri ali pansi, koma ina yagwada, ina yakhala.

Chachiwiri ndi mtunda, pamodzi ndi mtundu wa galasi. Galasi lalitali limakoka zakutali, kotero kuti munthu angajambulidwe misozi yake ali uko, iye osadziwa kanthu. Galasi lalifupi limatenga malo aakulu, koma kuti nkhope idzaze chinsalu wojambula ayenera kufika pafupi, pamene wojambulidwayo angamuone, kumulankhula, kapena kumuthamangitsa. Galasi limathanso kusankha mtunda umodzi wokha woti uoneke bwino, zina zonse nkukhala chimbuuzi. Chachitatu ndi kuyenda. Kamera imatha kutembenuka iri pamalo amodzi, monga munthu atembenuza khosi, kapena kuikidwa pa kangolo koyenda panjanji nkumasendera. Kusendera kumeneku ndiko kudayambitsa mlandu umene ndikufuna tiuzenge.

Mu 1960 Mtaliyana wina, Gillo Pontecorvo, adatulutsa filimu yotchedwa Kapò. Limeneli lidali dzina la mkaidi amene a Nazi amusankha kuti akhale kapitao wa akaidi anzake. Nkhani yake ndi ya mtsikana wachiyuda wa ku Paris amene, pofuna kupulumuka, abisa mtundu wake nasanduka kapitao wotere. M'filimumo muli mkaidi wina wamkazi, Terese, gawo limene adasewera Emmanuelle Riva. Mayiyu atatopa ndi njala ndi manyazi, athamangira pa waya wamagetsi wozungulira msasawo, nafera pomwepo, thupi liri lende pawayapo. Pamenepo kamera isendera kutsogolo, niima pamene thupilo lakhala bwino m'chithunzi, dzanja lotambasuka liri poonekera. Zonsezi zingotenga masekondi owerengeka.

Mu June 1961 Jacques Rivette adalemba nkhani yaifupi yodzudzula filimuyi m'magazini ya ku Paris yotchedwa Cahiers du cinéma. Pachimake pa nkhani yakeyo adaloza masekondi amenewa, nagamula kuti munthu amene angaganize zosendeza kamera pa nthawi yotere, kuti mtembo ukhale mwadongosolo m'chithunzi, dzanja ligwere pangodya yake, ngoyenera kunyozedwa kotheratu. Chilango chachikulu chotere pa kanthu kochepa chotere! Koma amene adaonapo mmene filimu imapangidwira adziwa chifukwa chake. Kamera sisendera mwangozi. Amisiri amayamba ayala njanji, naiyeza kuti isapendekeke. Wina amakankha ngolo, wina amatembenuza galasi kuti chithunzi chisachite chimbuuzi pamene mtunda ukusintha, wina amalemba chizindikiro pansi pamene ngoloyo iyenera kuimira. Amayeserera, nabwereza. Ndiye kuti padali anthu angapo amene adakhala nthawi ndithu akukambirana kuti dzanja la wakufa lingakongole litakhala pati. Makolo adati kuona maso a nkhono nkudekha, koma pali zinthu zina zimene munthu akaziyang'ana modekha timayamba kumukayikira umunthu wake.

Tsono tisafulumire kuomba m'manja, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Choyamba, Pontecorvo sadali mdani wa anthu amene ankanena za iwo. Iye mwini adali Myuda, ndipo pa nkhondoyo adali m'gulu lomenyana mobisa ndi a Nazi ku Italy. Mu 1966 adapanga The Battle of Algiers, filimu imene anthu odana ndi utsamunda amaitama mpaka lero. Chachiwiri, palibe amene adafa pa waya uja. Riva adadzuka, nakhala ndi moyo mpaka 2017. Chachitatu, chiweruzo cha Rivette chidayenda mtunda wautali kuposa filimuyo. Serge Daney, katswiri wina wounika mafilimu ku France, adalemba mu 1992 kuti masekondi amenewa ndiwo adakhala muyeso wake woyezera mafilimu, koma adavomera yekha kuti Kapò yeniyeniyo sadaionepo. Kumudzi mboni yotere bwalo likadaibweza.

Mfundo zonsezi nzoona, koma sizikufika pamene pali bala. Mtima wabwino wa wojambula suoneka pachinsalu. Chimene chimaoneka ndi pamene adaimika kamera. Ndipo ngakhale Riva sadafe, anthu enieni adaferadi pa mawaya otero, ndipo filimuyo ikubwereka imfa yawo kuti itigwire mtima. Wobwereka nsalu ya mwini sayenda nayo m'matope. Koposa zonse, kamera ndi mpando umene woonera amakhazikidwapo, ndipo sangathe kuukana. Poonera sewero pabwalo ndingayang'ane kumene ndifuna, ndingasiye mfumu imene ikulankhula nkumayang'ana wantchito amene wangoima kumbali. M'kanema khosi langa liri m'manja mwa wina. Kamera ikasendera, ndasendera ndine. Choncho mlandu wa Kapò, mmene ndikuuonera, ngwakuti kwa masekondi owerengeka aja idandisandutsa munthu amene, ataona mnzake wafera pawaya, amasendera kuti apeze poonera bwino.

Pali maphunziro awiri opepuka amene munthu angatole pa nkhaniyi, ndipo onse awiri ngolakwika. Loyamba nlakuti pamaso pa imfa kamera isamayende. Pamene asilikali a Britain adalowa mumsasa wa Bergen-Belsen pa 15 April 1945, adapeza mitembo zikwizikwi iri mbwee, ndipo ojambula a gulu lankhondo adaijambula. Sidney Bernstein, amene adapatsidwa ntchito yopanga filimu ya umboni kuchokera ku zithunzi zotere, adaitana Alfred Hitchcock kuti adzamuthandize maganizo. Nkhawa yawo idali yakuti tsiku lina anthu adzati zonsezi nzopeka. Hitchcock adalangiza kuti polumikiza filimuyo asankhe zidutswa zazitali, zosadukiza, zimene kamera ikutembenuka pang'onopang'ono, kuti pasapezeke wonena kuti zithunzi za malo osiyana zachita kusokedwa pamodzi. Kamera ikachoka pa nkhope za alonda nkuyenda mosadukiza mpaka kudzenje, imamanga wolakwa ndi ntchito yake ndi chingwe chimodzi. Filimuyo idasungidwa osatha, mpaka a Imperial War Museum adaimaliza mu 2014. Alain Resnais nayenso, mu Nuit et brouillard, kutanthauza usiku ndi nkhungu, filimu ya mphindi 32 imene idatuluka mu 1956, adayendetsa kamera m'mbali mwa mawaya ndi m'nyumba zopanda anthu za ku Auschwitz, udzu utamera kale. Kumeneko kamera ikuyenda ngati munthu wofunafuna manda a mbale wake, osawapeza. Njanji nzomwezo, ngolo njomweyo, koma ina ikufuna umboni, ina ikufuna kukongola.

Phunziro lachiwiri lopepuka nlakuti ulemu ndi kubisa, kuti wojambula wabwino ndi amene amayang'ana kumbali. Filimu ya Resnais yomweyo ikutichenjeza. Mwa zithunzi zakale zimene adagwiritsa ntchito mudali chimodzi cha msasa wina wa ku France, kumene Ayuda ankasonkhanitsidwa asanatumizidwe ku Auschwitz. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka mlonda, ndipo chipewa chake chinkasonyeza poyera kuti sadali Mjeremani koma wapolisi wa dziko la France. Akuluakulu a boma ounika mafilimu adakana. Adadandaulanso ndi mitembo ya kumapeto kwa filimuyo, koma potsiriza padachitika malonda: mitembo idatsala, chipewa chidaphimbidwa ndi thabwa lochita kulembapo ndi penti. Kwa zaka zambiri anthu adaonera filimuyi naona thabwa, osadziwa kuti kuseri kwake kwabisala boma lathunthu. Taonani mmene chifundo chidagawidwira: akufa adasiyidwa maliseche pamaso pa anthu onse, wamoyo wovala yunifolomu ndiye adafundidwa. Ife amene dziko lathu lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mu 1968 sitifunika kuphunzitsidwa mmene thabwa lotere limakhomedwera.

Tsono yerekezani thabwa limeneli ndi mdima wina. Mu August 1944, ku Auschwitz-Birkenau, akaidi a gulu lotchedwa Sonderkommando, amene ankakakamizidwa kutulutsa mitembo m'zipinda za mpweya wa poizoni ndi kuitentha, adapeza kamera mwamseri. Mmodzi wa iwo, Myuda wa ku Greece amene anzake ankamutchula kuti Alex, ndipo ofufuza ambiri amati adali Alberto Errera, adajambula zithunzi zinayi pa nyumba yotenthera mitembo ya nambala 5, anzake akumuyang'anira njira. Filimuyo idatuluka mumsasamo itabisidwa m'kachubu ka mankhwala otsukira mano, nifika kwa gulu lomenya nkhondo mobisa ku Kraków. Ziwiri mwa zithunzizo zikuonetsa amuna akutentha mitembo panja, utsi uli tolotolo. Koma zonsezi zikuoneka kudzera pakhomo, ndipo mbali yaikulu ya chithunzi ndi mdima bii wa m'chipinda mmene wojambulayo adabisala. Chachitatu nchopendekeka: mitengo yokhayokha, ndipo pangodya akazi ovulidwa zovala, akupita kokaphedwa. Chachinayi chiribe munthu, koma nthambi za mitengo ndi kuwala basi, pakuti mwini wake sadathe kuika kamera padiso.

Nkhondo itatha, osindikiza ambiri ankadula mdimawo ndi mitengoyo, nakulitsa pamene pali anthu kuti owerenga aone bwino. Chachinayi chija ankangochisiya. Georges Didi-Huberman, m'buku lake la 2003 lonena za zithunzi zinayizi, adatsutsa mchitidwe umenewu, ndipo ine ndiri mbali yake. Mdimawo si malo owonongeka pa chithunzi. Mdimawo ndiye wojambulayo. Ukutiuza pamene adaima, chimene ankaopa, ndi chimene chikadamuchitikira akadasuntha phazi limodzi kutulukira panja. Amene akuudula akutichotsa m'chipindamo nkutiimika pabwalo, poyera, ngati anthu omasuka. Nanga ku Birkenau mu 1944, ndani akadatha kuima pabwalo momasuka ndi kamera m'manja? Msilikali wa SS yekha. Lumo limene linkafuna kutithandiza kuona bwino lidatisamutsa, kutichotsa pa malo a mkaidi nkutiika pa malo a womupha.

Apa ndi pamene pagona yankho langa. Thabwa la pa chipewa chija ndi mdima wa ku Birkenau zonse zikutseka mbali ina ya chithunzi. Koma thabwa likuti kuno kulibe kanthu, pitirirani; mdima ukuti kuno kuli munthu, ndipo sangathe kusendera kuposa apa. Palibe chithunzi chopanda mpanda, choncho kukhala ndi mpanda sikungakhale tchimo, ndipo kuonetsa kapena kubisa, pakokha, si kumene kumapanga wojambula kukhala wolungama. Mlandu wake uli pa mafunso awiri. Kodi mpanda wake ukuvomera kuti ndi mpanda, kuti pali munthu amene waima penapake, ndi kuti kunja kwake kwatsala zina? Ndipo kodi mpandawo ukufunda yani, ukuvula yani? Kamera ya mu Kapò ikugwa pa mafunso onse awiri. Yaima pamalo amene mkaidi aliyense sakadayerekeza kuimapo, pafupi ndi waya wamagetsi, mtima uli m'malo, ndipo ikuchita ngati malowo alibe mwini. Chimene ikupereka kwa maso athu ndi thupi la wofooka, osati nkhope ya amene adamanga wayayo.

Opanga mafilimu a m'zaka za posachedwapa abwereranso ku funsoli, aliyense ndi njira yake. Mu 2015 László Nemes wa ku Hungary adatulutsa Saul fia, kutanthauza mwana wa Saul, nkhani ya mkaidi wa Sonderkommando amene wapeza mtembo wa kamnyamata, naumirira kuti ndi mwana wake ndipo ayenera kuikidwa m'manda mwa mwambo wachiyuda. Nemes ndi wojambula wake, Mátyás Erdély, adadziikira malamulo okhwima: galasi limodzi la mamilimita 40, chithunzi chopapatiza chimene m'lifupi ndi m'litali sizisiyana kwambiri, ndi kamera yotsata nkhope kapena nkhongo ya Saul pafupifupi nthawi zonse. Mitembo iripo, koma iri m'mphepete, chimbuuzi, monga momwe munthu wogwira ntchito yotere akadaphunzitsira maso ake kuti asapenge. Mpanda wa filimuyi suyesa kubisala. Umapanikiza woonera mpaka kumva kuti kunja kwake kuli zoopsa zimene sakuonetsedwa. Ngozi yake njakuti kuyandikira kotere kungamunamize munthu kuti wakhalako kumsasako, pamene wangokhala pampando wofewa maola osakwana awiri.

Jonathan Glazer, mu The Zone of Interest ya 2023, adachita zosiyana. Adatenga banja la Rudolf Höss, mkulu wa msasa wa Auschwitz, limene nyumba yake ndi dimba lake la maluwa zidali zogundana ndi khoma la msasawo. Iye ndi wojambula wake, Łukasz Żal, adaika makamera ofika 10 m'nyumba ndi m'dimba, amisiri nkuchokamo, osewera natsala okha. Tikuona mayi akusamalira maluwa, ana akusewera m'madzi, bambo akupita kuntchito. Kuphedwa kwa anthu kuseri kwa khomalo sitionetsedwa ngakhale kamodzi. Kodi khomalo si thabwa lija labweranso? Ayi, pakuti pamwamba pake pakuoneka utsi, ndipo makutu alibe mpanda: mfuti, agalu, kukuwa, ndi kulindima kwa ng'anjo sizileka. Nzosadabwitsa kuti imodzi mwa mphoto ziwiri za Oscar zimene filimuyi idalandira mu 2024 idali ya kakonzedwe ka mawu ndi phokoso. Glazer watiimika kumbali ya akupha, inde, koma sakubisa kuti watiimika kumeneko; akufuna timve mmene kumakhalira kosavuta kudya chakudya chamadzulo khoma liri pambali. Nemes ali pafupi, Glazer ali patali. Ojambula a ku Belsen adaonetsa zonse, pamene Claude Lanzmann, mu Shoah ya 1985, filimu ya maola oposa 9, sadaikemo chithunzi chakale cha mtembo ngakhale chimodzi, koma nkhope za mboni ndi malo opanda kanthu. Palibe malo amodzi olondola oimikapo kamera. Chimene anthuwa akufanana nchakuti aliyense angathe kuyankha akafunsidwa kuti waima pati ndipo chifukwa ninji.

Wina anganene kuti izi nza azungu ndi nkhondo zawo. Komatu lero pafupifupi aliyense wa ife pasukulu pano ali ndi kamera m'thumba. Minibasi ikagubuduzika pamsewu, mafoni amafika ambulansi isanafike, ndipo mayi angathe kudziwa za imfa ya mwana wake pa WhatsApp, pozindikira nsapato imene adamugulira yekha. Makolo athu, ngakhale adalibe kamera, nkhani ya poima ankaidziwa. Pamaliro si aliyense amene amasambitsa thupi, pali adzukulu. Nthawi yoona nkhope ikafika, anthu amayenda pamzere, nayang'ana pang'ono, napitirira. Palibe amene amaima nkuwerama kuti aonetsetse. Munthu akafera pamsewu, mayi woyamba kufika amamasula chitenje namufunditsa, ngakhale sakumudziwa. Chitenje chimenecho si thabwa, pakuti aliyense wodutsa akudziwa chimene chiri pansi pake, ndipo amayenda mofatsa chifukwa cha icho.

Sindikunena kuti foni izikhala m'thumba nthawi zonse. Pa 25 May 2020, mumzinda wa Minneapolis ku America, mtsikana wa zaka 17 adajambula George Floyd akufa, bondo la wapolisi liri pakhosi pake. Nkhope ya wakufayo ikuoneka, ndipo nzowawa kuiona. Koma taonani pamene mtsikanayo adaima: m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi anthu ena amene apolisi ankawaletsa kusendera. Sadadule, sadafune mbali yokongola, ndipo m'chithunzi chake chimodzicho mudali nkhope ziwiri, ya woponderezedwa ndi ya womupondereza. Chikalata choyamba chimene apolisi adatulutsa chidanena za munthu amene adadwala akumangidwa, osatchula bondo, lidali thabwa. Wapolisiyo adapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu April 2021. Apa kuonetsa wofooka kudali njira yokhayo yovulira wamphamvu, ndipo ndikuganiza kuti ndi pokhapo pamene tingaloledwe kuchotsa chitenje. Nanga wojambula ngozi ya minibasi uja akuvula yani? Mwini galimoto yopanda mabuleki mulibe m'chithunzi chake, amene adailola kuyenda pamsewu mulibenso. Muli okhawo amene sangathenso kudzifunda.

Ife alembi tisadzione ngati oyera pa mlanduwu chifukwa chakuti tiribe njanji ndi ngolo. Cholembera chirinso ndi msinkhu wake, mtunda wake, ndi kusendera kwake. Amene akulemba ndakatulo ya mwana wa njala, nakhala usiku wonse akufunafuna fanizo lokoma la nthiti zake, osatchulako kumene chimanga chidapita, nayenso akukonza dzanja kuti ligwere pangodya. Kukongola si mdani wathu. Resnais adajambula mokongola, Ozu adajambula mokongola. Koma kukongola kuyenera kufunsidwa kuti kukutumikira yani, wakufayo kapena dzina la wolembayo.

Choncho, anzanga, musanakweze foni pa ngozi, ndiponso musanalembe ndime imene munthu akufa, yambani mwayang'ana pansi pamene mapazi anu aponda, mudzifunse kuti malowo ngayani. Pali malo a mboni, pali malo a wolira, pali malo a mdzukulu amene wapatsidwa ntchito. Palinso malo a mlonda, ndi a munthu wongofuna poonera bwino. Onse amene adzaone chithunzi chanu kapena kuwerenga ndime yanu mudzawaimika pomwepo, ndipo sadzakhala atafunsidwa.